Hamala ya kalipentala: zimene akatswiri akhala akusintha pa mutu ndi pa mpini

Munthu akalowa m'sitolo ya zipangizo zomangira masiku ano n'kufunsa hamala, wogulitsa samangotola imodzi n'kumupatsa. Amamuonetsa ya mpini wamtengo, ya mpini wachitsulo wokutidwa ndi labala, ndi ina ya mpini wooneka ngati pulasitiki, ndipo ina imadula kangapo kuposa inzake ngakhale kuti zonsezo ntchito yake ndi kukhoma ndi kuzula misomali. Pa intaneti napo pali makanema a amisiri a ku America akutamanda hamala yopepuka ya chitsulo chotchedwa titanium, imene akuti imamenya ngati hamala yolemera pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mpake kuti ambiri amafunsa ngati pa chida chakalekale chotere pakadali chimene chingakonzedwe, kapena ngati zonsezi ndi njira chabe yokopera ogula.

Yankho limayambira pa chinthu chimene kalipentala aliyense amachidziwa ndi thupi lake: hamala simenya msomali wokha. Ikagunda, mbali ina ya mphamvu imabwerera kudzera mu mpini n'kulowa m'chikhatho, m'chigongono mpaka m'phewa. Wokhoma misomali iwiri yopachikapo chithunzi sangazimve, koma amene wakhala pa denga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka amazimva usiku akagona. Zambiri zimene zasinthidwa pa hamala m'zaka 200 zapitazi zakhala zoyesa kuti mphamvu yochuluka ipite ku msomali, yochepa ibwerere kwa munthu, ndipo pafupifupi kusintha kulikonse kumakonza mbali imodzi n'kulipiritsa mbali ina.

Kulemera ndi liwiro

Nambala imene imadindidwa pa hamala ndi kulemera kwa mutu wokha, osati kwa chida chonse. Mahamala ambiri amalembedwa m'muyeso wa ku America ndi ku Britain wofupikitsidwa kuti oz. Ya 16 oz, imene ndi ya ntchito wamba, mutu wake umalemera magalamu pafupifupi 450, ya 20 oz magalamu pafupifupi 570, pamene zazikulu zokhomera mitanda ya nyumba zimafika 28 oz, omwe ndi magalamu pafupifupi 800.

Anthu ambiri amaganiza kuti hamala yolemera ndiyo yamphamvu, ndipo sakulakwa kwenikweni, koma nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri. Mphamvu imene chinthu choyenda chimanyamula imadalira kulemera kwake ndi liwiro lake, ndipo ziwirizi sizithandiza mofanana. Kulemera kukawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kawiri, koma liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Musi umaphwanya chimanga mu mtondo chifukwa cha kulemera kwake, pamene kamwala ka pa legeni kamagwetsa mbalame chifukwa cha liwiro. Hamala ili pakati pa ziwirizi, ndipo wopanga amasankha kuti ipendekere kuti.

Apa ndi pamene titanium inalowera. Titanium ndi chitsulo cholimba koma chopepuka kwambiri: chidutswa chake chimalemera pang'ono kupitirira theka la chidutswa chofanana nacho kukula cha chitsulo wamba. Kampani ya Stiletto ya ku America ndiyo inatchukitsa mahamala otere chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo imanena kuti hamala yake ya 15 oz imakhoma ngati yachitsulo ya 28 oz. Tikawerengera ndi lamulo la pamwambali, kuti zimenezi zitheke hamala yopepukayo iyenera kufika pa msomali ndi liwiro loposa la yolemerayo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu n'kupitirirako pang'ono. Mpini wautali umathandiza kuti liwirolo lipezeke, chifukwa mutu umayenda mtunda wautali pa kugwedeza kumodzi kwa mkono. N'chifukwa chake mahamala okhomera mitanda amakhala ndi mipini ya masentimita 40 kapena kuposa, pamene ya ntchito wamba imakhala ya masentimita pafupifupi 33.

Komabe liwiro lili ndi mtengo wake. Hamala yothamanga ndi yovuta kuilunjika, ndipo wophunzira amene dzanja lake lisanakhazikike amapinda misomali yambiri nayo. Komanso pa msomali waukulu umene ukulowa m'mtengo wouma wa bulugamu, mutu wolemera sunjanja msanga ndipo umakankha msomali ngakhale munthu asanautembenuze mwamphamvu. Ubwino wa kupepuka umaonekera bwino pa ntchito yokhoma m'mwamba, monga siling'i, pamene mkono umanyamula chidacho molimbana ndi kulemera kwake nthawi iliyonse. Amisiri amagawanika pa nkhaniyi, ndipo kawirikawiri aliyense amakhala akunena zoona malinga ndi ntchito imene amagwira.

Pamene mutu umakumana ndi mpini

Malo ofooka kwambiri pa hamala ndi pamene mutu ndi mpini zimalumikizana, ndipo mbiri ya chidachi kwakukulu ndi mbiri ya malo amenewa. Pa khasu ndi nkhwangwa za kumudzi, chitsulo ndicho chimalowa mu mpini. Pa hamala zimatembenuka: mpini ndiwo umalowa m'bowo la mutu. Mahamala akale anali ndi bowo lalifupi, moti mtengo unkagwidwa pamalo ochepa, ndipo mutu unkagwedera kenaka n'kuguluka, makamaka pozula misomali. Cha m'ma 1840, wosula zitsulo wina wa ku Norwich m'chigawo cha New York, David Maydole, anatalikitsa bowolo kuti likhale ngati khosi lotsikira pa mpini, potengera mmene kasemasema wa kwawoko amapangidwira. Maonekedwe amenewo ndiwo tikuwaona mpaka lero pa mahamala ambiri a mpini wamtengo. Bowo lake limakhala lotambasukirako kumwamba, kotero kuti akakhomera tizidutswa tosongoka ta mtengo ndi ta chitsulo pamwamba pa mpini, mtengowo umatambasuka n'kudzaza bowo, ndipo mutu sungathenso kutuluka.

Koma mtengo umapuma ndi nyengo. Mpini umene waikidwa nthawi ya dzinja, mtengo uli ndi chinyontho, umafota dzuwa la Okutobala likafika, ndipo mutu umayamba kugwedera. Mankhwala amene ambiri timawadziwa ndi oviika hamala m'chidebe cha madzi usiku wonse, ndipo m'mawa imapezekadi italimba. Vuto ndi lakuti mtengo ukatupa uli wopanikizika m'bowo lachitsulo, tinyama take timaphwanyika, moti ukadzauma umachepa kuposa poyamba ndipo kugwedera kumabwerera kutakula. Chimene chimakhalitsa ndi kuika mpini wouma bwino, kuukhoma kuti ulowe mpaka pamapeto, n'kuwonjezera kachidutswa kosongoka kamene kamautambasula.

M'chaka cha 1923, Ernest Estwing, amene anabadwira ku Sweden, anayambitsa kampani ku Rockford m'chigawo cha Illinois ku America imene inathetsa vutoli mwa kuchotseratu polumikizira. Mutu ndi mpini zinkasulidwa kuchokera ku chitsulo chimodzi, ndipo pogwirira ankapakuta ndi timphete tachikopa tosanjikizana. Hamala yotere siguluka ndipo sithyoka wamba, ngakhale munthu ataphonya msomali n'kugunditsa khosi lake pa thabwa. Koma chitsulo chimapititsa kunjenjemera mosavuta, pamene mtengo umakumeza. Aliyense amene analimapo m'munda wa miyala amadziwa mmene manja amachitira dzanzi khasu likagunda mwala, ndipo akhoza kuyerekeza mmene zikanakhalira mpini wa khasulo ukanakhala wachitsulo. Kuchokera nthawi imeneyo, opanga mahamala achitsulo chokhachokha akhala akulimbana ndi vuto limene analibweretsa okha, mwa kukuta mipini ndi labala wochindikala kapena zinthu zina zofewa zimene zimatsekereza kunjenjemerako.

Njira yapakati inabwera m'zaka za m'ma 1950 ndi mipini ya fiberglass, yomwe ndi tiulusi tagalasi toumbidwa pamodzi ndi guluu wolimba. Mpini wotere sutupa, sufota, sudyedwa ndi chiswe, ndipo mutu amaumata ndi guluu m'malo moukhomera. Umameza kunjenjemera kuposa chitsulo, ngakhale kuti amisiri ambiri amati sufika pa mtengo wabwino monga hickory wa ku North America, umene ndi wolimba koma wotha kupindika pang'ono osathyoka. Kuipa kwa fiberglass n'kwakuti ikasweka, kuichotsa m'bowo ndi ntchito yaikulu, pamene mpini wamtengo kalipentala amatha kusema yekha tsiku lomwelo.

Kwathu kuno kuli njira yachinayi imene siipezeka m'makatalogi. Mpini ukathyoka, hamala imapita kwa owotcherera n'kubwerako ili ndi paipi yachitsulo. Ndinaonapo mmisiri wachikulire akukhoma malata ndi hamala yotere. Paipiyo anali ataikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo akakhoma misomali ingapo ankaiika pansi, n'kutambasula zala, n'kupukusa dzanja ngati wagwira mbale yotentha, kenaka n'kuitolanso. Palibe amene angamunene, chifukwa paipiyo sithyoka ndipo inamuchotsera ndalama zochepa, komanso mphira uja ukusonyeza kuti vutolo analizindikira bwino lomwe. Koma paipi yozungulira imatembenuka m'chikhatho chathukuta, kulemera kwake kumakokera chida chonse kumbuyo m'malo mwa kumutu, ndipo moto wowotcherera ukhoza kusokoneza kulimba kwa chitsulo cha mutuwo.

Mpini ndi dzanja

Akatswiri ali ndi phunziro lotchedwa ergonomics, limene limafufuza mmene chida chingapangidwire kuti chigwirizane ndi thupi la munthu m'malo moti thupi lizipindikira chida. Pa hamala, chidwi chawo chimakhala pa mfundo yolumikiza dzanja ndi mkono. Munthu akamakhoma ndi mpini woongoka, pa nthawi imene mutu ukugunda msomali dzanja limakhala litapindikira mbali ya chala chaching'ono, ndipo kubwereza zimenezi kambirimbiri kumatopetsa minyewa ndi mitsempha imene imadutsa pamenepo n'kukathera pa chigongono. Ululu wa kunja kwa chigongono, umene madokotala amautchula ndi dzina la masewera a tenisi, umagwiranso anthu amene sanakhudzepo mpira wa tenisi koma amagwira zida zamanja tsiku ndi tsiku.

Maganizo amene anabwera anali akuti, m'malo mopinda dzanja, tipinde mpini. Munthu wina wa ku America, John Bennett, analimbikitsa mipini yopindika ndi madigiri pafupifupi 19, ndipo ofufuza anayesa maganizowa. M'chaka cha 1986, Stephan Konz wa pa yunivesite ya Kansas State anapeza kuti anthu ankakonda mpini wopindika pang'ono, madigiri pafupifupi 10, koma kakhomedwe kawo sikanapose ka pa mpini woongoka. M'chaka cha 1989, Schoenmarklin ndi Marras a pa yunivesite ya Ohio State anayerekeza mpini woongoka ndi yopindika madigiri 20 ndi 40. Anapeza kuti mipini yopindika inkachepetsadi kupindikira kwa dzanja ku chala chaching'ono pomenya, koma inkawonjezera kupindikira mbali ya chala chachikulu pokweza hamala. Zotsatirazi n'zofunika kuzimvetsa bwino, chifukwa zikusonyeza kuti kupinda mpini kumasamutsa katundu kuchoka mbali ina ya dzanja kupita mbali ina, ndipo phindu lake limadalira ngati munthu akukhoma pa tebulo, pa khoma kapena m'mwamba. Zimene zinatsala pa mahamala a masiku ano ndi kupindika kochepa chakumapeto kwa mpini, konga kwa mpini wa nkhwangwa za m'sitolo.

Pali zina zing'onozing'ono zimene sizitchuka koma zimamveka m'dzanja kuposa kupindikako. Bungwe la boma la America loona za thanzi la anthu pa ntchito, la NIOSH, limalangiza kuti chida chogwidwa ndi chikhatho chonse chikhale ndi mpini wonenepa pakati pa masentimita 3 ndi 5. Mpini ukaonda kwambiri kapena ukaterera, munthu amaufinya mwamphamvu poopa kuti umupulumuka, ndipo kufinyako ndiko kumatopetsa mkono n'kutsegulira njira kunjenjemera kuti kulowe m'thupi. N'chifukwa chake mpini wabwino sukhala wozungulira ngati paipi koma wobulungira ngati dzira, kuti dzanja lizidziwa kumene mutu waloza popanda kuyang'ana, ndipo kumapeto kwake umatupirako kuti munthu athe kuugwira momasuka. Vanishi wonyezimira wa mipini yatsopano amakongoletsa m'sitolo koma amatulutsa matuza, ndipo amisiri ambiri amamupala ndi sandipepa n'kupaka mafuta. Tiyeneranso kukumbukira kuti manja safanana. Mpini umene unayezedwa pa chikhatho cha bambo wamkulu sungakhale bwino kwa mnyamata kapena mtsikana amene wangoyamba kumene maphunziro a ukalipentala.

Pomenyera ndi chozulira

Mutu wa hamala umaoneka ngati chitsulo chimodzi chofanana paliponse, koma hamala yabwino imalimbitsidwa mosiyanasiyana. Pomenyera pamatenthedwa, n'kuziziritsidwa mwadzidzidzi, kenaka n'kutenthedwanso pang'ono, kuti palimbe mosaphwanyika ndi misomali koma posafika pothetheka ngati galasi. Pozungulira bowo amasiya chitsulo chofewerako kuti chizitha kulandira kugunda osang'aluka. Mahamala otchipa kwambiri amalephera apa: ena ndi ofewa moti pomenyera pamafutukuka ngati bowa, ena ndi ouma moti amathetheka. M'mphepete mwa pomenyera amasemamo mopendeketsa pofuna kuchepetsa kuthethekako, komabe hamala ya kalipentala inapangidwira misomali wamba, imene ndi yofewa. Kuimenyetsa pa hamala inzake kapena pa misomali youma ya konkire kukhoza kuthothola kachitsulo kamene kamauluka ngati chipolopolo, ndipo diso silichedwa kuwonongeka nako.

Pomenyera pa mahamala ambiri sipathyathyathya kwenikweni. Pamakhala potukukako pang'ono pakati, kuti msomali uthe kulowa mpaka kufanana ndi thabwa popanda m'mphepete mwa hamala kusiya chipsera, chimene pa chitseko cha mlombwa kapena mbawa ndi chilema chosabisika. Mahamala okhomera mitanda amakhala ndi pomenyera pa timizere topingasana, timene timaluma mutu wa msomali kuti hamala isaterereke. Timizereto timadinda thabwa, timakanda utoto ndi chotetezera dzimbiri pa malata, ndipo tikaphonya n'kupeza chala sitimangochitupitsa koma timachisenda. Kawirikawiri hamala yosalala ikayamba kuterereka, chifukwa chake chimakhala utomoni wa paini kapena guluu amene wamatirira pomenyera, ndipo kupakhecha pa sandipepa kumakwanira.

Chozulira chimagwira ntchito monga mtengo wautali umene munthu amatukulira mwala atautsamiritsa pa kamwala kena. Ngati dzanja lili masentimita 30 kuchokera pamene hamala yatsamira, ndipo msomali uli masentimita 5 kuchokera pamalo omwewo, mphamvu ya dzanja imafika pa msomali itawirikiza kasanu ndi kamodzi. Chozulira chokhota chimagudubuzika pa thabwa n'kuzula mofatsa, koma msomali ukamatuluka, potsamira pamasunthira kutali ndipo mphamvu ija imachepa. Apa ndi pamene mipini yambiri yamtengo imathyokera, ndipo kachidutswa ka thabwa koikidwa pansi pa mutu kamabwezeretsa mphamvuyo, kamateteza thabwa, komanso kamathandiza kuti msomali utuluke woongoka, zomwe n'zofunika kumene misomali yakale imawongoledwa n'kugwiritsidwanso ntchito. Chozulira choongoka sichizula bwino chotero, koma chimalowa pakati pa matabwa awiri n'kuwalekanitsa. Opanga ena awonjezera kampata kozulira m'mbali mwa mutu, pafupi kwambiri ndi potsamira, ndi kangalande kokhala ndi maginito pamwamba pa mutu kogwira msomali, kuti munthu amene dzanja lina wagwirira makwerero athe kuuyambitsa ndi dzanja limodzi. Ena amapanga pomenyera pochita kumanga ndi bawuti, kuti pakatha asinthe pokhapo.

Hamala imatsata nyumba ndi mtengo

Karl Marx, wolemba mabuku wa ku Germany, analemba m'chaka cha 1867 kuti mumzinda wa Birmingham ku England mokha munkapangidwa mitundu ya mahamala pafupifupi 500, uliwonse wa ntchito yake. Kuchuluka kumeneku sikunathe, chifukwa hamala imatengera kamangidwe ka kumene ikugwiritsidwa ntchito. Kalipentala wa ku Japan amagwiritsa ntchito genno, imene ilibe chozulira koma ili ndi pomenyera pawiri, pena pathyathyathya pomenyera tchizulo ndi pena potukuka pomalizira msomali. Wa ku Germany ali ndi hamala ya dzino limodzi lalitali losongoka, lobayira ndi kukokera mitanda pa denga. Opanga mipando ku Britain ali ndi ya mtundu wa Warrington, imene mbali ina ndi yopyapyala kuti ilowe pakati pa zala zogwira kamsomali kakang'ono. Hamala yaikulu ya mpini wautali ndi pomenyera pa timizere inakula ndi kamangidwe ka ku America, ka nyumba za matabwa ofewa zimene zimadya misomali yosawerengeka, ndipo ngakhale kumeneko ntchito yambiri inalandidwa ndi makina owombera misomali.

Kalipentala wa ku Malawi kapena ku Zambia ali pa ntchito ina. Nyumba zambiri ndi za njerwa, ndipo matabwa amakumana nawo pa denga, pa zitseko, pa mafelemu ndi pa mipando. Tsiku limodzi akhoza kukhoma paini wa ku Chikangawa, amene msomali umalowa ngati m'nthochi, ndipo mawa lake n'kukumana ndi bulugamu wouma amene amapinda msomali wa mainchesi anayi usanafike pakati. Nthawi zambiri hamala ndi imodzi yomweyo pa zonsezi, choncho zimene zimamuthandiza kwambiri si zofanana ndi zimene zimathandiza womanga wa ku California. Mutu wolimbitsidwa bwino wa magalamu pakati pa 450 ndi 570, pomenyera posalala, ndi chozulira chimene mpata wake ndi wakuthwa mokwanira kugwira msomali woduka mutu, zimagwira ntchito zambiri mwa izi.

Mbali imene yatsala m'manja mwa mmisiri mwini ndi mpini. Amene amasema okha amasankha mtengo wouma, woongoka, wopanda mfundo, umene mizere yake ikuyenda kuchokera kumutu mpaka kumapeto osadukira m'mbali, chifukwa mpini umathyokera pamene mzere watulukira. Amaupyapyalitsa pang'ono pansi pa mutu kuti uzitha kugonjera pomenya, n'kuusiya wonenepa pogwirira malinga ndi chikhatho chawo. Akamaliza amaugwira chakumapeto n'kukhoma misomali ingapo pa chidutswa cha thabwa. Ngati hamala ikugwa yokha pa msomali, pomenyera pakufika mofanana osatsogoza m'mphepete, ndipo m'chikhatho simukulira, mpiniwo wakhala. Ngati misomali ikupindikira mbali imodzi yokhayokha, amayang'ana ngati mutu unalowa mopendekera, n'kuugulula kuti asemenso.